Mpando Wakutsogolo

Galimoto ya Obed Nakhumwa inali ndi malamulo ambiri, koma panalibe ndi limodzi lomwe lolembedwa. Aliyense wozolowera kukwera lifiti m'mawa kuchokera ku Bangwe kupita m'tauni amawadziwa malamulo amenewa monga phazi limadziwira njira ya kwawo. Ukalowa umapereka moni kwa onse, osati kwa mwini galimoto yekha. Chitseko sumachimenyetsa, chifukwa si minibasi. Wailesi sumaigwira, ngakhale ikulalikira za mpingo umene unatulukamo. Foni ikalira umanong'ona kuti, "Ndili m'galimoto ya eni, ndiimbanso," ndipo ya mnzako sumaisuzumira. Munthu sumamufunsa dzina. Ya mafuta umaipinda bwinobwino n'kuisiya pafupi ndi giya, mwini wake n'kumachita ngati sanaone.

Panalinso lamulo lina. Anthu onse akatsika iwe n'kutsala wekha kumbuyo, umasamukira kutsogolo, kuopa kuti mwini galimoto angaoneke ngati dalaivala wako wolembedwa ntchito. Lamulo limeneli Evelina Muhiwa anali atalithyola m'mawa uliwonse kwa miyezi isanu ndi iwiri.

Mpando wakutsogolowo unali ndi mbiri yake. Kale ankakhalapo Thandie, mkazi wa Obed. Thandie atamwalira zaka zitatu zapitazo, Obed anakhala panyumba masabata atatu, ndipo tsiku limene anati abwerere kuntchito anapeza mayi Phoebe, mkulu wake wa malemuyo, ataima pageti ndi chikwama chawo cha zitenje zamalonda. Sanapemphe. Anatsegula chitseko chakutsogolo, anakhala, anamanga lamba, n'kunena kuti, "Mundisiye mu Limbe, alamu." Kuyambira tsiku limenelo mpandowo unakhala wawo.

"Mwachedwa ndi mphindi zinayi," anatero mayi Phoebe Lolemba lomaliza la mwezi wa Juni, akukhazikika. Ananunkhiza m'mwamba. "Ndipo mwayamba perefyumu. Kale munkangonunkhira sopo wochapira."

"Anandigulira Alinane."

"Mwana wanuyo ali kusekondale chichokereni mu Epulo. Kapena wayamba kutumiza fungo pa foni?"

Che Majidi, telala woyandikana nyumba ndi Obed, anali atakhala kale kumbuyo. Anaseka chamumtima mpaka kachipewa kawo kanagwedezeka.

Pa siteji ya Mvula anatenga bambo wina wa tayi, tizingwe tomvera nyimbo tili m'makutu. Analowa osayankhula, chitseko n'kuchimenyetsa.

"Achimwene," anatero mayi Phoebe osatembenuka, "kwanu kwagwa zovuta?"

Bamboyo anazula kachingwe kamodzi. "Ayi, mayi."

"Ndiye moni mwaiwala patebulo? Ndipo chitsekocho chili ndi mwini wake, ndi uyu akuopa kuyankhulayu."

Bamboyo anapereka moni kwa aliyense payekhapayekha, n'kupepesanso chitseko chomwe.

Pa Namiyango panali pataima Evelina, juzi yobiriwira itaphimba yunifolomu yake yoyera ya kusitolo ya mankhwala. Anawerama pazenera.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Che Majidi, mwadzuka? Nanga inu, bambo?" Kenako, kumapeto kwenikweni, ngati chinthu chongokumbukira: "A Nakhumwa."

"Tadzuka," anatero Obed, maso ali pamsewu, thukuta lili pamphuno ngakhale kunja kunali chiperoni.

Evelina anakhala pamalo pake pa masiku onse, kumbuyo kwa mayi Phoebe, pafupi ndi chitseko.

*

Mayi Phoebe anatsika mu Limbe. Che Majidi anasamukira kutsogolo n'kukatsika pa Chichiri. Pa Ginnery Corner Evelina anatuluka kuti bambo wa tayi uja adutse, ndipo bamboyo anatsazika kawiri asanachoke. Evelina anaima pamenepo zitseko ziwiri zili pamaso pake, chakutsogolo ndi chakumbuyo. Mtima wa Obed unali m'mwamba, monga unkachitira tsiku lililonse pamalo amenewa. Evelina anabwerera kumbuyo.

"Tikusiyeni pati lero, abwana?" anafunsa Obed.

"Pomwe paja, adalaivala. Ndipo muziyendetsa bwino, Lachisanu munandigwedeza pa bampu."

Maso awo anakumana pagalasi, ndipo onse anaseka. Kuchokera pamenepo kukafika ku Victoria Avenue ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, khumi kukakhala mzere. Chibwenzi chawo chonse chinamangidwa ndi mphindi zimenezo, ndipo Obed anali munthu yekhayo mu Blantyre amene ankapempherera mzere wa magalimoto.

Masabata atatu m'mbuyomo anali atamufunsira. Linali Loweruka, ali pabenchi ku Chichiri, ayisikilimu akusungunukira m'manja. Obed anali atakonza mawu ambiri, koma amene anatuluka anali ochepa.

"A Evelina, ine si mnyamata, ndipo mawu okometsera sindiwatha. Ndikufuna banja, ndipo ndikufuna likhale ndi inu."

Evelina anapukuta zala chimodzichimodzi asanayankhe.

"Kale ndinakhalapo kutsogolo kwa galimoto ya munthu wina," anatero. "Zaka ziwiri. Tikamayandikira pa Chichiri pano ankati, tawerama pang'ono, pali anthu ondidziwa. Ndinawerama mpaka tsiku limene ndinawaona anthuwo: mkazi ndi ana atatu. Ndiye inu sindikuyankhani ndi pakamwa. Mpando wanu uja ndidzakhalapo tsiku limene alamu anu adzandione ndikukhalapo. Mukadzandiona ndamanga lamba, yankho langa ndi limenelo."

Tsopano, galimoto ikutsetsereka kulowera m'tauni, Evelina anatsamira kutsogolo pang'ono.

"Mwezi ukutha Lachisanu, a Obed."

"Ndikudziwa."

"Amayi ayamba kundifunsa ngati galimoto yotuwa ija mwini wake ali ndi dzina. Azimayi a pa siteji atikwatitsa kale n'kutilekanitsa kawiri. Lachisanu likadutsa alamu anu asanamve, Lolemba musadzaime pa Namiyango. Ndibwerera ku minibasi. Sindikunena mokwiya."

"Ndiwauza."

"Munateronso sabata yatha."

"Ndinkasonkhanitsa mawu."

"Sonkhanitsani, adalaivala. Koma ife a kumbuyo kuno tikukalamba."

*

Sikuti Obed ankawaopa mayi Phoebe monga munthu amaopera galu wa eni. Ankawaopa monga umaopera munthu amene anakuona ukulira. Ndi iwo amene anagona pasimenti m'chipatala masiku khumi ndi awiri Thandie akudwala. Ndi iwo amene anamulangiza Alinane atakula, bambo ake akungozungulira panja osadziwa chochita. Komanso akuchikazi ku Thyolo anali asanamusudzule, ndiko kuti anali asanakhale naye pansi n'kumuuza kuti maliro atha, akhoza kukwatiranso. Njira yopita ku nkhani imeneyo inkadzera pa mayi Phoebe, ndipo ina panalibe.

Lachiwiri anapempha Che Majidi kuti atsogole, awapeza pa Mvula. Zimenezo zinamupatsa mphindi zisanu ali awiri ndi alamu ake. Ziwiri zinatha akukonza pakhosi.

"Alamu, pali nkhani."

"Imani, imani. Awo si amayi a kutchalitchi kwathu? Taonani ambulera yawo yathyoka."

Amayiwo analowa, anapereka moni monga mwa lamulo, anakhazikika, makutu ali tcheru.

"Nkhani yanji, alamu?"

Nkhani ya banja sakambira pamaso pa mlendo wa lifiti. Imazungulira Bangwe yense galimoto isanafike mu Limbe.

"Ya matayala," anatero Obed. "Akutha."

"Ndiye mukuuza ine, ndimagulitsa matayala?"

Lachitatu ataweruka anapita kunyumba kwawo atavala jekete. Anapeza amayi a Mvano asanu ndi atatu ali pabalaza kuphunzira nyimbo. Anamupatsa tiyi ndi mbatata, n'kumuuza kuti wabwera bwino chifukwa ankasowa wa besi. Obed anaimba besi.

Lachinayi chakumadzulo, akuthirira mpiru kuseri kwa nyumba, foni inalira.

*Mwanena?*

*Ndinayamba.*

*Munafika pati?*

*Pa "Alamu".*

*Liwu limodzi pa sabata. Pofika Khirisimasi mudzakhala mutamaliza chiganizo.*

*Dzulo ndinapita mpaka kunyumba kwawo.*

*Ndiye?*

*Anandiimbitsa besi.*

Evelina anatumiza tinkhope toseka tisanu. Obed anaima ndi ndowa yake yopanda madzi, akuyang'ana foni. Uthenga wina unabwera.

*Mawa ndivala diresi la buluu. Kaya ndi lotsazikira kaya ndi la zina, mudziwa ndinu.*

*

Lachisanu kunacha ndi chiperoni chenicheni, phiri la Bangwe osaoneka n'komwe. Obed anali atatsimikiza kuti satenga mlendo aliyense. Anena pamaso pa Che Majidi ndi Evelina yemwe, zivute zitani. Pa Mvula anadutsa manja asanu ndi limodzi okwezedwa m'mwamba, akuyang'ana kumbali ngati wakuba.

"Malo alipo kumbuyoku," anatero mayi Phoebe. "Mwalemera liti?"

"Lero tipite tokha."

Pa Namiyango Evelina analowa, diresi la buluu likuonekera pansi pa juzi. Anapereka moni kwa onse, dzina la Obed kumapeto. Galimoto itangonyamuka, Obed anatembenukira kwa mayi Phoebe.

"Alamu..."

"Imani."

"Alamu, ndati lero..."

"Ndati imani. Ameneyo ngakhale mfiti ingamuimire."

Pansi pa mtengo panali bambo wa ndodo ziwiri zoyendera. Mwendo wake unali m'chikhakha kuchokera kuphazi mpaka m'ntchafu, ataukulunga ndi majumbo kuti usanyowe. Minibasi ziwiri zinali zitangomudutsa. Obed anaima.

Mwendo wotero supindika, ndipo aliyense m'galimotomo ankadziwa tanthauzo lake. Wodwala amakhala kutsogolo, ngakhale atapezapo bishopu. Mayi Phoebe anamasula lamba okha, anatuluka, n'kukankhira mpandowo kumbuyo kuti mwendo ukwane. Kanali koyamba m'zaka zitatu kuti ausiye galimoto isanafike mu Limbe. Atatsegula chitseko chakumbuyo, Evelina anasunthira pakati, popeza wamkulu sakhala pachitunda, ndipo mayi Phoebe anakhala pamalo pake.

"Ndiye kuno mumakhala chonchi?" anatero, mawondo atagunda mpando. "Ngati mbuzi za panjinga?"

"Timazolowera, mayi," anatero Evelina.

Bambo wa chikhakha anali munthu wa nkhani. Asanafike pa Mpingwe onse anali atadziwa kuti anagwa padenga akukhoma malata a apongozi ake, kuti apongoziwo anafunsa kaye za malata asanafunse za mwendo, ndiponso kuti akupita kuchipatala cha Gulupu kukachotsa chikhakhacho.

"Koma mayi, pepani," anatero akupotoza khosi. "Ndakulandani mpando pafupi ndi amuna anu."

"Awa ndi alamu anga. Akanakhala amuna anga bwenzi galimotoyi ikutsukidwa."

Polowa mu Limbe pali malo amene magalimoto amayenda ngati akuperekeza maliro. Pamalo amenewo, m'mawa uliwonse, Obed ankakweza maso pagalasi la m'kati n'kumwetulira, ndipo wina ankamubwezera. Sankaganiza n'komwe, khosi linkangochita lokha. Tsiku limenelonso linachita lokha. Anakweza maso, nkhope yonse itamasuka, n'kukumana ndi maso a mayi Phoebe.

Kumwetulirako kunauma pomwepo, koma kunali kutafika kale.

"Alamu."

"Ee."

"Mukumwetulira ine?"

"Ndimayang'ana za kumbuyo."

"Za kumbuyo ziti? Ine pano ndikukuonani nkhope yonse, mpaka dzino lanu lobenthuka lija. Nanga msewu mumauonera pati?"

"Pali magalasi am'mbaliwa."

"Lapotoka ili, bwana," anatero wa chikhakha, akutambasula dzanja. "Ndikuwongolereni."

"Lisiyeni," anatero mayi Phoebe. "M'galimoto ya eni sitigwiragwira zinthu." Anatembenukira kwa Evelina. "Asisi, inu pakatipo mukuwaona adalaivala athuwa?"

"Khutu lokha, mayi."

"Nanga dzulo?"

Evelina anayang'ana manja ake, kenako anawayang'ana mayiwo m'maso. "Dzulo ndinkawaona onse."

"Dzana?"

"Ndi dzana lomwe."

Che Majidi anayamba kuwerenga mwachidwi chikwangwani cha sitolo ya penti.

*

Pa msika wa Limbe Obed anayatsa indiketa.

"Pitirizani," anatero mayi Phoebe.

"Nanga malonda?"

"Zitenje sizivunda."

Anapitiriza. Wailesi inkanena za mitengo ya nandolo, ndipo palibe amene anayerekeza kuitsitsa.

"Asisi a pa Namiyango," anayamba mayi Phoebe, "miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikukupatsani nkhongo. Lero ndithyola mwambo. Dzina ndani?"

"Evelina, mayi. Evelina Muhiwa."

"A Muhiwa a ku Phalombe?"

"A ku Mulanje, ku Chonde."

"Ana?"

"Ndilibe."

"Banja?"

"Sindinalowepo."

"Zaka zonsezi amuna a mu Blantyre anali kuti?"

"Anali ndi akazi awo, mayi. Kungoti sankanena msanga."

Che Majidi anatsamwa ndi malovu awo omwe. Milomo ya mayi Phoebe inagwedezeka, koma anaigwira.

Obed ankamva mafunsowo akugwera Evelina limodzilimodzi, ndipo manyazi amene anamugwira anaposa mantha a masabata atatu. Mkaziyu ankayankha mlandu umene sunali wake. Anali pa Maselema, m'galimoto muli mlendo amene sankamudziwa ndi dzina lomwe, koma anatsitsa wailesi yekha.

"Alamu, woyenera kufunsidwa ndine."

"Ndiye yankhani."

"A Evelina ndinawafunsira. Ndikufuna kuwakwatira. Anakana kukhala pampando uwu mpaka inu mutadziwa, ndipo ine ndakhala ndikuchedwa chifukwa ndinkachita nanu manyazi. Thandie sindinamuiwale, ndipo sindidzamuiwala. Koma nyumba ija yazizira, alamu. Ndikufuna mundiperekeze ku Thyolo."

Anali mawu ochuluka kuposa amene ananenapo m'galimotomo chaka chonse. Atamaliza anapeza kuti akuyendetsa pa giya yachiwiri, malole akumudutsa.

"Ine chikhakha chafika mpaka m'makutu," anatero mlendo uja. "Sindinamve kanthu."

"Ine suti ndinasoka kale m'maganizo," anatero Che Majidi. "Miyeso ndinatenga ndi maso mu Febuluwale."

Mayi Phoebe sanaseke. Anatembenukira kuzenera, n'kupukuta nthunzi ndi nsonga ya chitenje, ngati kunja kuli chinthu chofunika kuchiona.

"Pa Chichiri ndi pano, Che Majidi," anatero Obed motsitsa.

"Makina sathawa, achimwene. Pitirizani."

*

Pageti la chipatala Obed anaimika galimoto pambali. Kumutulutsa bambo wa chikhakha inali ntchito ya anthu awiri, mwendo patsogolo, mwini wake pambuyo. Anathokoza aliyense, anagwira Obed dzanja nthawi yaitali, n'kunong'ona mokweza kuti onse amve: "Malata a apongozi musadzakhome nokha."

"Che Majidi," anatero mayi Phoebe, "mwaonera zokwanira. Aperekezeni mpaka pakhomo, pansi pakuterera. Kuntchito mubwerera pa minibasi."

Che Majidi anapita monyinyirika, akucheuka pa sitepe iliyonse.

M'galimoto munatsala atatu: Obed kutsogolo yekha, azimayi awiri kumbuyo, mpando uli pululu pakati pawo. Wa kabaza wina anaimba huta, akufuna malo.

"Nanga tiyenda chonchi?" anatero mayi Phoebe. "Azimayi awiri kumbuyo ngati nduna za boma? Anthu ati alamu anga analembedwa ntchito. Tulukani, asisi."

Anatuluka onse awiri n'kuima m'chiperonimo. Mayi Phoebe anagwira chitseko chakutsogolo n'kuchitsegula. Anawerama, anakokera mpandowo patsogolo, anausasa ndi chitenje pamene panadontha madzi a majumbo. Anaima kanthawi dzanja lili pamtsamiro.

"Thandie ankakonda kuugoneka kwambiri, ngati ali pabedi," anatero. "Ine ndinauimika chifukwa cha msana. Inu mupeza pokukomerani." Anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. "Lowani, a Evelina. Ndikukuonani."

Evelina anapinda mawondo, manja ali pamodzi. Analowa, anakhala, n'kutseka chitseko mosamala ngati dzira. Atakoka lamba, lambayo anakana.

"Ameneyo amafuna kumunyengerera," anatero mayi Phoebe akukhala kumbuyo. "Ali ngati mwini wake. Kokani pang'onopang'ono, abwera."

Evelina anakoka pang'onopang'ono. Lamba anabwera, anadutsa pa diresi la buluu, n'kulira kuti kha. Anatembenuka n'kumuyang'ana Obed, pafupi, popanda galasi pakati.

"Mwamva, a Obed?"

"Ndamva."

Anachotsa phazi pa kilatchi mofulumira, galimoto inadumpha kamodzi n'kuthima. Mayi Phoebe anaseka chikhakhali mpaka alonda a pageti anacheuka.

"Zaka khumi ndi zisanu akuyendetsa, lero wathimitsa pamaso pa anthu. A Evelina, mwatenga katundu."

"Ndamuona kale, mayi. Ndimutenga choncho."

Anayenda akuseka mpaka kutsetsereka kwa m'tauni. Evelina anafunsa ngati tsopano akhoza kugwira wailesi. Obed anati akhoza, mayi Phoebe anati adikire chinkhoswe. Dzanja la Obed posintha giya linakhudza chigongono cha Evelina, ndipo anasintha giya kawiri pamalo osafunika kusintha.

*

Pa maloboti olowera m'tauni anapeza ofiira. Mayi Phoebe anali atasiya kuseka.

"Musasangalale mopitirira, inu awiri. Pali zimene sindikanatha kunena pamaso pa alendo." Anatsamira kutsogolo, mutu uli pakati pa mipando iwiriyo. "Alamu, mpando uwu sindinkausungira Thandie. Wakufa safuna mpando. Anandituma ndi amayi."

Obed anagwira chiwongolero ndi manja onse.

"Anati ndiusunge mpaka Brenda atamaliza kozi yake ya uphunzitsi. Wamaliza. Akubwera mawa ndi basi ya m'mawa, masutikesi awiri, ndipo malo amupezera pa sukulu ina ku Nyambadwe. Lolemba afuna lifiti."

"Brenda ndi ndani?" anafunsa Evelina.

"Mng'ono wathu, chitsirizira cha amayi. Kumudzi anagwirizana kuti mkamwini wabwino satayidwa, Brenda alowe m'malo mwa Thandie, ndipo Alinane aleredwe ndi magazi ake. N'chifukwa chake sanawasudzule alamuwa mpaka lero." Anapuma. "Ine lero ndapandukira amayi anga, ndipo ndikudziwa chimene chandipandutsa. Nkhope imene inandipeza pagalasi paja ndinaiona komaliza Thandie ali moyo. Ku Thyolo ndikuperekezani. Koma ine si amayi. Ndipo amayi akuti nkhaniyi anakuuzani pa Isitala, alamu, pamaso pa amalume, inu simunakane."

Obed analiona khonde lija la ku Thyolo ngati lili pagalasi la kutsogolo. Apongozi ake atakhala pamphasa chammbali, akuyankhula moyang'ana kumunda wa tiyi, amalume akugwedeza mutu, iye akuyang'ana nsapato zake. Mkamwini satsutsa apongozi pamaso pa anthu. Anangoomba m'manja mwaulemu n'kutsazika, akuganiza kuti nkhani yosayankhidwa imafa yokha. Pobwerera sanauze munthu aliyense, ngakhale mtima wake womwe.

"A Obed," anatero Evelina, mawu ali pansi. "Pamene munkandifunsira paja, munkadziwa?"

Obed anatsegula pakamwa. Kumbuyo minibasi inaimba huta, ina n'kulandiza.

"Yendani, alamu, abiriwira," anatero mayi Phoebe. "Muyankha mukuyenda."

Galimoto inanyamuka. Dzanja la Evelina linali litatsikira pa chomangira lamba, chala chili pa batani lofiira. Sanadinde, koma dzanjalo silinachokepo.